Chipinda Chakumbuyo

Yesenia Arboleda anakumana ndi Efraín Zuluaga m'chikepe cha kuntchito, Lolemba lina m'mawa, tsiku limene chikepecho chinangoganiza zopuma pakati pa nsanjika yachinayi ndi yachisanu.

Munali awiriwiri. Yesenia ananyamula kapu ya khofi ndi arepa yokulunga m'pepala, kamkate ka ufa wa chimanga. Mwamunayo anatsamira sutikesi yakuda imene inali itayenda maulendo ambiri moti gudumu limodzi linkalira.

"Musaope," anatero mwamunayo. "Chikepe chimenechi chikaona munthu wokongola chimaima kaye kuti chimuyang'anitsitse."

"Ndiye chaimira ine kapena inu?"

"Ine ndakwera zaka zisanu, sichinaimepo ngakhale kamodzi."

Yesenia anaseka asakufuna. Anali atangotha miyezi inayi pakampani ya ku Medellín imeneyi, yopanga pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani a nyumba. Ntchito yake inali kuyankha madandaulo a makasitomala. Efraín ntchito yake inali kukwera ndege. Sabata ino ku Quito, yamawa ku Panama, inayo ku Lima, kuphunzitsa akatswiri a mapulani kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamuyo. Pa ofesi ambiri ankadziwa kulira kwa gudumu lija kuposa nkhope ya mwini wake.

Chikepe chinaima mphindi khumi ndi ziwiri zokha. Pamene chinkayambanso kuyenda, mwamunayo anali atadya theka la arepa, atatenga nambala ya foni, ndipo mtima wa Yesenia, mwana wa mayi Amparo, unali utayamba kale kuchita zibwana.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Mfumukazi yanga, ndatera ku Quito. Anthu akuti kuno kukuzizira. Ine ndikuti ayi, ndi iwe amene kulibe."

"Pakamwa pako pali shuga. Onse umawauza chomwecho?"

"Onse ati? Ine ndili ndi sutikesi imodzi ndi mtima umodzi, zonse ndalemba dzina lako."

Maryori, mnzake wokhala naye desiki moyandikana, ankangopukusa mutu akamuona akumwetulira foni.

"Iwe mtsikana, mwamuna wa sutikesi ameneyu uzimukonda diso limodzi lili chotsegula."

"Nsanje, Maryori."

"Nsanje ya chiyani? Wanga ndi woyendetsa basi ya ku Belén. Ndikamufuna ndimangoima pa siteji."

Zoona zake, chibwenzi cha pafoni chimatopetsa. Itatha miyezi itatu, Yesenia analephera kupirira. Efraín anali pakhomo pa ofesi akudikira takisi yopita ku bwalo la ndege ku Rionegro, ulendo wa ku Lima wa masabata awiri athunthu.

"Kodi ine ndili pachibwenzi ndi iwe kapena ndi foni?" anafunsa, misozi italengeza. "Anzanga amuna awo amawaperekeza kokwerera sitima ya Metro. Ine ndimaperekeza sutikesi!"

"Usalire, duwa langa."

"Ndilibe ngakhale pamalo poti ndizikudikira."

Efraín anamuyang'ana kanthawi. Kenako anakhala pamasitepe pomwepo, natsegula kompyuta yake pamaondo, zala zikuthamanga, uku akuyang'ana msewu. Takisi itafika anaitseka mofulumira, nampsompsona pachipumi.

"Pita pa desiki pako. Ndakutumizira kanthu."

Inali fayilo ya mapulani. Dzina lake: Nyumba Yathu.

Mayi wanga, nyumba yake! Khonde lalitali loyang'ana kumapiri, khitchini ya zenera lalikulu, zipinda ziwiri zogona, ndi kachipinda kena kakang'ono kumbuyo kopanda kanthu. Pachitseko panali kauthenga: "Ndakhala ndikuijambula mobisa kuyambira tsiku la chikepe. Umwini wa fayiloyi ndaupereka kwa iwe. Ine ndine mlendo chabe, ukatopa nane undithamangitse."

Ndani akanakana? Yesenia analira pa desiki mpaka Maryori anamupatsa mpango.

Mu pulogalamu yawo, aliyense amene walowa m'fayilo amaoneka ngati kamuvi kokhala ndi dzina lake pambali. Ndiye tsiku lililonse sikisi koloko madzulo, Efraín akamaliza kuphunzitsa, ankalowa m'nyumbamo kuchokera kulikonse kumene ali. Timivi tiwiri tinkakumana m'khitchini. Kake kankazungulira ka Yesenia katatu, ndipo anagwirizana kuti kumeneko ndiko kupsompsonana kwawo. Ankakangana za malo a sitovu. Ankabzala maluwa pakhonde. Munthu wina angaseke kuti akuluakulu awiri akusewera masanje pakompyuta, koma kwa Yesenia imeneyo inali nyumba yeniyeni, ndipo ankaidziwa kona iliyonse.

Zachilendo zinayambira m'chipinda chakumbuyo.

Tsiku lina anaika makatani obiriwira pazenera la chipindacho. M'mawa mwake anawapeza ali achikasu. Anabwezera obiriwira. Atabwerako ku nkhomaliro, achikasu!

"Ndiwe ukusintha makatani anga?" analemba.

Yankho linachedwa kuposa masiku onse.

"Ndine, mfumukazi. Ndimakuputa dala kuti uzindikumbukira."

Anaseka, mtima n'kukhala pansi. Koma Lachitatu la sabata yotsatira, cha m'ma fili koloko masana, Efraín anali m'mwamba, m'ndege yopita ku Santiago. Anali atatumiza yekha chithunzi cha mpando wake asanazimitse foni. Yesenia anatsegula fayilo kuti angopumitsa mutu pambuyo pa kasitomala wolalata. Analowa m'chipinda chakumbuyo.

Makatani obiriwira anasanduka achikasu iye akuona.

Munalibe kamuvi kalikonse. Munali iye yekha. Kenako mpando wogwedera, umene iye sanauikepo, unatulukira pakona, n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono mpaka pazenera. Unaima. Unatembenuka pang'ono, ngati pali munthu akufuna kuti dzuwa lizimuomba bwino.

Thupi lonse la Yesenia linachita tsembwe.

"Maryori," ananong'ona. "Tabwera udzaone."

Maryori anasuzumira, natafuna chingamu chake kawiri.

"Ndiye ukuti ndi mzukwa? Iwe, zimenezi timawayankha anthu kangati pa sabata? Chingwe chimenecho!"

Maryori sankanama. Mu pulogalamuyo munthu amatha kusunga chipinda chathunthu m'malo otchedwa nkhokwe, n'kuchigwiritsa ntchito m'mafayilo angapo. Zipinda zoterozo zimakhala zomangirirana. Wina akasintha kanthu kwake, kwinanso kumasintha, pokhapokha mwini fayilo atadula chingwe. Efraín yemweyo ankalalikira zimenezi m'maiko asanu ndi limodzi: "Mukakopera, dulani chingwe! Mukaiwala, mudzapenta nyumba ya eni ake."

"Dina pakona apo," anatero Maryori. "Uona komwe chipindachi chilinso."

"Ndi Efraín. Mwina m'ndege muli intaneti."

"Dina, tione."

"Ndili ndi madandaulo khumi akudikira, Maryori."

Sanadine. Yesenia amene ankakonzera anthu vuto limeneli pa mphindi ziwiri, khofi ali m'manja, anatseka fayilo yake mofulumira ngati mwana wothawa chipinda chamdima. Kodi ankaopa chiyani? Iye mwini sakanatha kunena. Ankangodziwa kuti mzukwa unali wopepukirapo kuposa chimene batani la pakona lija likanamuonetsa.

Kuyambira pamenepo nyumba ija inasiya kumukomera. Akakhala m'khitchini ndi kamuvi ka Efraín, maso ake ankathawira kuchitseko chakumbuyo. Mu Metro popita kwawo ankangoganiza za mpando uja. Wakhalapo ndani? Akuyang'ana chiyani pazenera? Nthawi zina ankalowa mwakachetechete n'kubwezera makatani obiriwira, mwamakani chabe, kuti aone. Tsiku lisanathe ankakhala atabwerera ku chikasu. Winayo nayenso anali wamakani.

Kenako, Lachisanu lina, pafupi ndi mpando uja panaoneka kabedi ka mwana.

Kamatabwa oyera, kansalu kotchinga udzudzu kali pamwamba.

Efraín anali m'tauni sabata imeneyo. Loweruka masana anakhala pabenchi m'paki ya ku Belén, akudya mango osapsa othira mchere ndi ndimu. Yesenia anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha chipindacho.

"Ichi n'chiyani, Efraín?"

Mwamunayo anasiya kutafuna. Nkhope yake inachita ngati yathiridwa phulusa. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anapukuta zala pa buluku, napumira m'mwamba.

"Wandigwira," anatero motsitsa mawu.

"Ndakugwira chiyani?"

"Ine ndimayankhula pamaso pa anthu zana osanjenjemera. Koma kwa iwe, mfumukazi yanga, pakamwa pamandilemera. Ndinasowa poyambira. Ndiye ndinati kabedi aka kandiyankhulire." Anagwira manja ake onse awiri. "Ndikufuna ukhale mkazi wanga. Ndikufuna mwana wa maso ngati akowa. Lolemba ndikupita ku Lima, Lachisanu ndabwera, Lamulungu ndikaonekera kwa amayi ako. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, sutikesi imeneyi ndidzaiponya mumtsinje!"

Abale, mtima wa munthu! Mantha a masabata onse aja anasungunuka nthawi yomweyo. Yesenia analira, anaseka, anamumenya pachifuwa, anamukumbatira. Wogulitsa mango anaomba m'manja.

"Koma chinthu chimodzi," anatero Efraín akumupukuta misozi. "M'chipinda chija usakhudzemo kanthu. Chisiye momwemo mpaka ndibwere. Wamva, moyo wanga?"

"Ndamva."

Mayi Amparo atamva nkhaniyo anakweza manja kumwamba.

"Mwanawe, ndimayesa ndidzafa ndisanamuone mkamwini wa m'foniyu! Amadya msuzi wa sancocho? Adya, asadye, ndiphika. Ndiitana azakhali ako onse."

"Amayi, musachulutse anthu."

"Khala chete. Mwana wanga mmodzi yekha akukwatiwa, ndibise?"

Lachiwiri m'mawa Yesenia analowa m'chipinda chakumbuyo kwa nthawi yoyamba wopanda mantha. Anayang'ana kabedi kaja, mtima ukusefukira. Anauzidwa kuti asakhudze kanthu, inde. Koma kodi chimwemwe chimamva malamulo? Panali dzina limene analisunga mumtima kuyambira ali kusekondale, osauzako munthu. Anasankha zilembo zopindika bwino, nalemba pakhoma, pamwamba penipeni pa kabediko: Salomé.

Lachitatu madzulo mvula ya ku Medellín inabwera monga mwa chizolowezi chake, mwadzidzidzi, mapiri onse n'kubisika. Nthawi inali itadutsa faifi, ambiri ataweruka. Yesenia ankalongedza chikwama pamene anaona kuti Maryori wangoti ziii. Chingamu sichinkatafunidwa.

"Watani iwe?"

"Palibe."

"Maryori."

Mnzakeyo anavula magalasi, nawavalanso. Madandaulo ochokera ku Peru ankafikira pa desiki pake.

"Mnzanga, ndakhala ndi dandaulo ili kwa ola lathunthu. Ndinafuna ndilitseke ndekha usalione. Koma sindingathe." Anatembenuza kompyuta. "Khala pansi kaye."

Linachokera ku Lima, kwa mayi wina wokongoletsa m'nyumba dzina lake Milagros Huamán.

"Chonde ndithandizeni," linatero. "Pali munthu amene amalowa m'fayilo yanga koma sindimamuona. Kwa miyezi ingapo amandisinthira makatani m'chipinda cha mwana. Ndikaika achikasu, iye amaika obiriwira. Amuna anga amagwira ntchito kwanu komweko, anandiuza kuti ndi vuto la pulogalamu, ndisakuvutitseni. Ndinawamvera. Koma dzulo munthuyo walemba dzina pamwamba pa kabedi ka mwana wanga. Ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Dzinalo sindikulidziwa. Amayi anga akuti ndi wakufa akufuna mwanayu, akuti tiitane wansembe. Sindikudya. Chonde, ndiuzeni kuti ndi ndani."

Pansi pake panali chithunzi. Mpando wogwedera. Kabedi koyera. Zilembo zopindika bwino.

Yesenia sanakuwe. Anabwerera pa desiki pake, natsegula Nyumba Yathu, nalowa m'chipinda chakumbuyo, ndipo anadina pakona paja.

Chipindacho chinali m'mafayilo awiri. Yoyamba, mwini wake Milagros Huamán, inapangidwa zaka zitatu zapitazo. Yachiwiri inali yake. Mbiri yake inanena zonse mosabisa: inakoperedwa kuchokera ku yoyambayo, tsiku lija la misozi pamasitepe, pa mphindi zisanu ndi ziwiri. Efraín anadula zingwe za khonde, khitchini ndi zipinda zogona. Takisi inafika asanadule chomaliza.

Ndipo pambuyo pake sakanathanso. Chingwe amadula ndi mwini fayilo, ndipo mwamuna wa mtima wopatsayu mafayilo onse awiri anali atawapereka kwa eni ake.

Anatsegula fayilo ya mayiyo, popeza dandaulo limapereka chilolezo chotero. Khonde lomwe lija loyang'ana kumapiri. Zenera lalikulu lomwe lija. Ngakhale dzina la fayilo linali lomwelo. Ha! Nyumba imene akuti anaijambula mobisa kuyambira tsiku la chikepe! Miyezi yonseyi iye ankaopa mzukwa, osadziwa kuti kutali uko kuli mayi wapakati amene akulephera kudya chifukwa choopa iyeyo.

Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo.

"Tamvera," anatero Maryori atagwada pambali pake. "Dula chingwe. Ine ndimulembera kuti linali vuto la pulogalamu, takonza. Galu ameneyo tithana naye Lolemba. Iwe pita kwanu ukalire bwinobwino."

"Ndiye mayiyo azikhulupirirabe kuti wakufa akufuna mwana wake?"

"Tidzamuuza kuti ndi kompyuta."

"Kompyuta imadziwa dzina loti Salomé?" Yesenia anatenga zomvera m'makutu. "Dzinalo ndinalemba ndine, Maryori. Nambala yake ili pati?"

Foni inaitana kawiri kokha.

"Halo?" Mawu ake anali ofatsa, otopa.

"Mayi Huamán? Ndine Yesenia, ndikuimba kuchokera ku Medellín pa za dandaulo lanu."

"Ayi zikomo, zikomo kwambiri, achemwali! Mwamupeza?"

"Ndamupeza. Choyamba, mtima wanu ukhale m'malo. Si wakufa. Palibe amene akufunira mwana wanu zoipa."

Kunamveka kupuma kwakutali, kenako kusisima kwa munthu amene watula katundu wolemera.

"Mulungu akudalitseni. Nanga ndi ndani?"

"Muli chikhalire, mayi?"

"Ndili pampando. Bwanji?"

"Ndi ine."



"Sindikumva. Inu a kampani?"

"Ine. Makatani obiriwira ndinkaika ndine. Dzina lija ndinalemba ndine. Ndili ndi fayilo yofanana ndi yanu, khonde lake, khitchini yake, zonse. Anandipatsa Efraín miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Anati ndi nyumba yathu. Sindinkadziwa za inu. Ndikulumbira, sindinkadziwa. Loweruka ndinamufunsa za kabedi kaja, anandiuza kuti waika ndi iye, pofuna kundifunsira ukwati."

Mvula inkamenya mawindo a ofesi. Kumbali inayo kunkamveka wailesi patali, ndi madzi akudontha mu sinki.

"Kabedi kameneko," anatero Milagros pang'onopang'ono, "ndinajambula ndekha. Matabwa ake ali kwa kalipentala pano ndikunena pano."

"Pepani."

"Tinakwatirana zaka ziwiri zapitazo. Amandiuza kuti ku Medellín amagona kwa msuweni wake, kudikira kuti kampani itsegule ofesi kuno." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Msuweniyo ndinu?"

"Ine amandiuza kuti ku Lima amagona ku hotela."

"Hotelayo ndine. Ndimamuchapira ndi malaya omwe."

Yesenia anatseka maso. Ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina kukanamupepukira. Koma mayiyo anangofunsa, ndi mawu aang'ono:

"Muli ndi zaka zingati, achemwali?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

"Kwanu akudziwa?"

"Lamulungu amayenera kukaonekera kwa amayi anga."

"Mayo ine," anatero Milagros, ndipo onse awiri analira, wina ku Lima, wina ku Medellín, pafoni ya kampani.

Maryori ndiye anayamba kuona. Anagwira Yesenia paphewa n'kuloza pakompyuta.

Kamuvi ka Efraín kanali katalowa. Sikanapite kukhitchini. Kanathamangira kuchipinda chakumbuyo, kanaima pakhoma, ndipo zilembo zinayamba kuzimiririka chimodzichimodzi.

"Mukuona zimene ndikuonazi?" ananong'ona Milagros. "Dzina likufufutika!"

"Ndi iyeyo. Walowera m'fayilo yanga."

Foni ya m'manja ya Yesenia inanjenjemera pa desiki. Nthawi yomweyo, m'makutu mwake, anamva inanso ikulira ku Lima.

"Wanditumizira uthenga," anatero Milagros. "Akuti, 'Moyo wanga, ndakonza. Linali vuto la pulogalamu monga ndinanenera. Usaopenso, ndili pakona, ndagula buledi.' Inu wakulemberani chiyani?"

Yesenia anawerenga mokweza.

"'Moyo wanga, dzina lija ndi lokongola, koma ndafufuta kuti tidzasankhe limodzi. Kwatsala masiku awiri ndikukumbatire.'"

Kenako kutali uko kunamveka chitseko cha panja, ndi mapazi akukwera masitepe.

"Wafika," anatero Milagros. Mawu ake anali atauma tsopano. "Musadule foni, achemwali. Ndikupemphani. Ndekha andizunguza mutu, mukumudziwa pakamwa pake."

"Sindidula."

Kiyi analira pachitseko. Ndipo mawu aja anamveka, ansangala, ofunda, omwe aja amene anamuseketsa asakufuna tsiku loyamba.

"Amake mwana! Mfumu ya nyumba ino yafika ndi buledi wotentha! Bwanji nkhope imeneyo? Ukuyankhula ndi ndani?"

"A ku kampani kwanu. Ndinatumiza dandaulo."

"Ndinakuuza kuti usa..."

"Ndaika pokweza. Akufuna akupatse moni."

Pansi pa mtima wa Yesenia, kwinakwake kopusa, kanali kakadalipo kachiyembekezo. Sankayembekezeranso ukwati, ayi. Ankangofuna kuti mwamunayo atchule dzina lake, agwe pansi, anene kuti pepa, kuti mwa zonse zabodzazo chinalipo chimodzi choona.

"Efraín," anatero. "Ndi ine."

Pepala la buledi linasiya kuchita phokoso. Kenako mwamunayo anakonza pakhosi, ndipo anayankhula ndi mawu ake ophunzitsira, aulemu, osanjenjemera ngakhale pang'ono.

"Pepani, mayi, kuofesi kuli anthu ambiri. Ndikuyankhula ndi ndani?"

Maryori, amene anali atasendeza khutu pa zomvera zija, anatukwana mokweza. Yesenia sanamumve. Anangokhala, maso ali pa kamuvi kaja kamene kanali kataimabe pakhoma lopanda kanthu, dzina la mwini wake lili pambali.

Mabodza onse aja anali atawameza. Limeneli lokha linakana kutsika.

"Khala pansi, Efraín," anamveka Milagros. "Mauthenga ako onse awiri tawerengerana."

Yesenia anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anadina pakona pa chipinda chakumbuyo. Pulogalamu inamufunsa ngati akutsimikiza kudula chingwe, ndipo anavomera.

"Mayi Huamán," anatero, "chipinda cha mwana wanu n'chanu nokha tsopano. Palibe adzalowemonso. Lero mudye, chonde."

"Nanga inu, achemwali?"

Yesenia anatsegula pakamwa kuti ayankhe monga amayankhira makasitomala onse, kuti ali bwino, kuti zikomo poimba. Koma kumbali inayo Efraín anali atayamba kale kufotokoza, mofatsa, mokoma, kuti pali mtsikana wina kuofesi amene mutu wake sukuyenda bwino.

Maryori anamuvula zomvera m'makutu.